Kukhuthala kwa mawu a synthesizer sikuchokera pa voliyumu

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhepo pa nkhani imene inatuluka m'nyuzipepala yanu masabata apitawa, yonena za achinyamata amene akujambula nyimbo m'zipinda zawo ndi makompyuta komanso zipangizo zina zamagetsi. Ndikulemba kuchokera ku Mufakose, kuno ku Harare, kumene ndinabadwira kwa makolo ochokera ku Dedza, ndipo kwa zaka zambiri ntchito yanga yakhala yokonza mawailesi, ma amplifier ndi makiyibodi a m'matchalitchi. M'nkhani ija mnyamata wina anadandaula kuti mawu a synthesizer yake amamveka owonda ngati kulira kwa udzudzu, ndipo wolemba nkhaniyo anamulangiza kuti azikweza voliyumu ndi kuunjika mawu ambiri pamwamba pa anzake. Malangizo amenewa ndi amene andilembetsa kalatayi, chifukwa inenso ndinawatsatirapo ndipo anandichititsa manyazi pagulu. Mawu owonda mukawakweza amangosanduka mawu owonda ophokosera. Chimene chimakhuthalitsa mawu ndi kusiyana kwapang'ono kumene kukuyenda mosalekeza pakati pa mafunde ofanana, ndipo pali chipangizo chimene ntchito yake ndi imeneyi basi.

Kwa owerenga amene sanaionepo, synthesizer ya modular ndi bokosi limene mumaikamo tizipangizo totchedwa ma module, kalikonse ndi ntchito yake, ndipo mumatilumikiza nokha ndi tizingwe kumaso kwa bokosilo. Oscillator imapanga funde la magetsi, filter imadula mbali ina ya fundelo, ndipo amplifier yolamulidwa ndi magetsi imatsegula ndi kutseka mawuwo. Robert Moog m'chigawo cha New York ndi Don Buchla ku California ndi amene anatsegula njira imeneyi m'zaka za m'ma 1960, pamene muyezo umene ambiri tikutsatira lero, wotchedwa Eurorack, unachokera kwa Dieter Doepfer wa ku Germany pakati pa zaka za m'ma 1990. Pa muyezo umenewu ma module amadya magetsi a 12 volt kumbali ya plus ndi 12 volt kumbali ya minus, ndipo volt imodzi yowonjezera pa oscillator imakweza liwu ndi octave imodzi, kutanthauza kuchoka pa do kufika pa do wa pamwamba. Langa ndi bokosi laling'ono la mizere iwiri, limene theka lake ndinawotcherera ndekha patebulo lodyera, ndipo theka linalo anandibweretsera mphwanga pa basi kuchokera ku Johannesburg.

Funde limene oimba amalikonda kwambiri ndi lija looneka ngati mano a sowo, limene limakwera pang'onopang'ono kenaka n'kugwa mwadzidzidzi. Funde limeneli silosauka ayi. Lili ndi tsinde la liwu, ndipo pamwamba pa tsindelo pali timawu tonse tija totchedwa ma harmonic, kachiwiri kali ndi theka la mphamvu ya tsinde, kachitatu gawo limodzi mwa magawo atatu, motero mpaka kumtunda. Ndiye ngati lili ndi zonsezi, likumvekeranji lowonda? Chifukwa chake ndi chakuti dzino lililonse ndi lofanana ndendende ndi linzake, ndipo khutu la munthu likamva chinthu chosasintha limachitenga ngati mzere umodzi wouma. Taganizani za amayi khumi a Chigwirizano akamaimba nyimbo pamaliro usiku. Onse akuimba liwu limodzi, koma palibe awiri amene akulifika chimodzimodzi: wina ali pamwamba pang'ono, wina akuchedwa kulowa, wina mpweya ukumuthera, ndipo kusiyana kumeneku ndi kumene kumadzaza nyumba yonse mpaka kwa abambo amene ali pamoto panja. Mutajambula mayi mmodzi yekha n'kumukweza pa sipika yaikulu, adzamveka patali, koma adzakhalabe mmodzi.

Zimenezi zimawerengeka ndi masamu osavuta. Oscillator imodzi ikamanjenjemera maulendo 440 pa sekondi, ina maulendo 442, mafunde awo amagwirizana ndi kutsutsana kawiri pa sekondi iliyonse, ndipo khutu limamva mawu akufufuma ndi kuphwa ngati chifuwa cha munthu wogona. Ndi chifukwa chake synthesizer ya Minimoog ya mu 1970 inali ndi ma oscillator atatu, amene woimba ankawasiyanitsa dala pang'ono. Kampani ya Roland inadzera njira ina pa Juno-60 ya mu 1982, imene inali ndi oscillator imodzi yokha pa liwu lililonse, koma inawonjezera liwu la octave ya pansi ndi chorus yochedwetsa mawu pang'ono. Pambuyo pake, m'zaka za m'ma 1990, JP-8000 yawo inabweretsa mafunde asanu ndi awiri a mano a sowo osiyanitsidwa pang'ono, ngakhale kuti imeneyo inali ya digital, yopanga mawu ndi masamu ngati kompyuta. Vuto kwa ife a m'bokosi la modular ndi lakuti oscillator iliyonse ndi ndalama, imalanda malo m'bokosi, ndipo imafuna kuchunidwa payokha. Kuno kumene zinthu zotere timagula ndi madola a ku America n'kulipiranso msonkho pachipata, munthu amene ali ndi ma oscillator awiri amadziona ngati mfumu.

Apa ndi pamene module yokhuthalitsa funde imalowa. Nzeru yake inafalitsidwa ndi Bernie Hutchins m'kalata yake ya amisiri yotchedwa Electronotes m'zaka za m'ma 1970, ndipo lero imapezeka m'maonekedwe osiyanasiyana, monga A-137-2 ya Doepfer imene imapanga mafunde anayi osunthidwa kuchokera ku funde limodzi. Yanga ndinaimanga ndekha ndi ma chip wamba a TL074, amene amapezeka ngakhale m'ma mixer akale otayidwa. Kagwiridwe kake ka ntchito kamandisangalatsa mpaka lero chifukwa n'kosavuta kuposa mmene mawu ake amamvekera. Funde la mano a sowo limalowa m'kachipangizo kotchedwa comparator, kamene kamangoyang'ana ngati fundelo lapitirira mulingo wina wa magetsi kapena ayi. Likapitirira, kamatulutsa magetsi odumpha mwadzidzidzi, ndipo kudumpha kumeneku kukaphatikizidwa ndi funde loyambirira, kumalidula pakati n'kutsitsa chigawo cha pamwamba. Chotuluka ndi funde la mano a sowo lomwelo, koma dzino lake likugwera pamalo ena, ngati kuti oscillator yachiwiri yayamba mochedwa pang'ono.

Mulingo uja ukangokhala malo amodzi, palibe chachilendo chimene mungamve kupatula kusintha kwa kamvekedwe. Koma mukaulumikiza ku LFO, imene ndi oscillator yoyenda pang'onopang'ono kwambiri moti khutu siliimva ngati liwu, dzino lija limayamba kusuntha, kutsogolo kenaka kumbuyo. Tsiku loyamba limene ndinaona zimenezi pa oscilloscope yanga yakale, chipangizo choonetsa maonekedwe a funde pa kagalasi, ndinakhala pafupifupi ola lathunthu ndikuyang'ana kagalasi kobiriwirako, dzino limodzi litaima chilili pamene linzake likukwawa kulowera kumanja ngati nkhono, kenaka n'kubwerera. Funde limene likusunthira kutsogolo limamveka lokwera pang'ono, lobwerera kumbuyo limamveka lotsika pang'ono, ndipo mukakhala ndi magawo atatu kapena anayi mu module, lililonse ndi comparator ndi LFO yake yoyenda pa liwiro lake, oscillator imodzi ija imamveka ngati gulu. Ubwino wina ndi wakuti gulu lonselo likutsatira mtsogoleri mmodzi, choncho silingasochere ngati mmene ma oscillator osiyana amasocherera kukatentha.

Tsopano ndifike pa kagwiritsidwe ntchito, pamene ambiri timalakwitsa, ndipo ndiyambe ndi manyazi anga aja. Zaka zingapo zapitazo achinyamata a kumpingo kwathu anandipempha kuti ndikawaimbire besi pa ukwati ku Highfield. Kunyumba ndinakonza mawu anga ndi mahedifoni, magawo onse anayi nditawatsegula mpaka kumapeto, awiri kukhutu la kumanzere, awiri kukhutu la kumanja, ndipo ndinkamva ngati ndakhala pakati pa mtsinje wodzaza. Muholo muja amplifier inali imodzi ndipo inaphatikiza mbali zonse ziwiri kukhala imodzi. Titangoyamba nyimbo yolowera akwati, besi yanga inayamba kuzimiririka n'kubweranso, kuzimiririka n'kubweranso, moti ovina anasokonezeka mapazi. Ine poganiza kuti mphamvu yachepa ndinakweza voliyumu, ndipo zinangoipiraipira, chifukwa pamene besi inabwera inkagwedeza malata, pamene inachoka panatsala kaphokoso ka pamwamba kokha. Mkulu wina amene ankaimba ng'oma anandiyandikira n'kundifunsa motsitsa mawu kuti, “Mphwanga, kodi chilimba chanuchi chikudwala mphumu?” Nyimbo zotsalazo ndinaimba nditazula tizingwe tonse ta module ija.

Chimene chinachitika ndi chodziwika bwino. Mafunde awiri a mano a sowo akasiyana ndi theka lenileni la ulendo wawo, tsinde la liwu limafafanizika kotheratu pamodzi ndi ma harmonic achitatu, achisanu ndi ena otero, ndipo chotsala chimamveka ngati liwu la octave ya pamwamba lopanda thupi. LFO ikamasuntha dzino, imadutsitsa mafundewo pamalo amenewa mobwerezabwereza. Pa mawu a pamwamba kudutsa kumeneku ndi kokoma, ndi kumene kumapereka kunyezimira kuja, koma pa besi ndi dzenje limene nyimbo yonse imagweramo. M'mahedifoni simungalimve bwino chifukwa khutu lililonse likulandira funde lake, ndipo ndi chifukwa chake ndimauza aliyense wondifunsa kuti ayese mawu ake pa sipika imodzi asanatuluke nawo m'nyumba. Anthu athu ambiri nyimbo amaimvera pa foni, m'kombi kapena pa sipika ya m'tchalitchi, ndipo m'malo onsewa mbali ziwiri zija zimathera pamodzi kapena omvera amakhala pafupi ndi imodzi yokha.

Mankhwala ake ndi kusiya tsinde pa mtendere. Ndimatenga funde losalala la sine kuchokera ku oscillator yomweyo, kapena liwu la octave ya pansi, n'kulidutsitsa pambali osalowa mu module yokhuthalitsa. Mafunde osunthidwa aja ndimawadutsitsa mu filter yodula za pansi, kuti kuyenda konse kuchitikire pamwamba, kenaka ndimaphatikiza ziwirizi pa mixer. Zikatero besi imaima nji ngati mzati wa pakati pa nyumba, pamene denga lake likugwedezeka ndi mphepo. Funde loyambirira ndimaliikanso lamphamvu kuposa mafunde osunthidwa aja, chifukwa mafunde osafanana mphamvu sangafafanizane kotheratu.

Chachiwiri ndi liwiro la ma LFO, ndipo apa pamafunika kudekha kuja kumene akuluakulu amati n'kumene kumaonetsa maso a nkhono. Munthu akangogula module yotere amafuna kumva ikugwira ntchito, ndiye amathamangitsa ma LFO mpaka mawu akumveka ngati kaseti yodyedwa ndi wailesi. Ine ndimayambira pa liwiro lochepera ulendo umodzi pa sekondi, nthawi zina ulendo umodzi pa masekondi asanu, ndipo ndimaonetsetsa kuti liwiro la LFO ina silikhala liwiro la inzake kuwirikiza kawiri kapena katatu ndendende. Zikagwirizana motero khutu limagwira msanga kabwerezedwe kake, ndipo gulu lija limasanduka makina. Palinso mfundo ina imene ndinachedwa kuimvetsa. Kusiyana kwa 1 Hz (ulendo umodzi pa sekondi) pa liwu la pansi la 55 Hz ndi pafupifupi ma cent 31, kutanthauza pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a semitone (mtunda wa pakati pa makiyi awiri oyandikana pa kiyibodi, umene uli ndi ma cent 100), ndipo aliyense angamve kuti chinachake sichinachunidwe. Kusiyana komweko kwa 1 Hz pa liwu la 880 Hz ndi ma cent awiri okha, amene khutu silingawazindikire n'komwe. Ma oscillator enieni osiyanitsidwa amakonza okha vutoli, chifukwa kufufuma kwawo kumawirikiza kawiri pa octave iliyonse, koma module yathuyi imayenda pa liwiro limodzi kuyambira pansi mpaka pamwamba pa kiyibodi. Choncho ndimatenga magetsi omwewo amene kiyibodi ikutumiza ku oscillator, n'kuwatumizanso pang'ono ku liwiro la ma LFO, kuti ndikamatsika aziyenda mwaulesi, ndikamakwera azifulumira. Kachingwe kamodzi kameneka kanasintha kamvekedwe ka bokosi langa kuposa chilichonse chimene ndinagulapo.

Za mulingo wa magetsi ndinene mwachidule. Oscillator ya Eurorack nthawi zambiri imatulutsa funde loyenda pakati pa 5 volt kumtunda ndi 5 volt kumunsi, ndipo module yokhuthalitsa imayembekezera kukula kumeneko. Funde likakhala laling'ono kapena lalikulu kuposa pamenepo, kudumpha kwa comparator sikugwirizana nalo, ndipo pakati pa dzino pamatsala kachitunda kamene kamalira ngati nyenje. Muchune polowera mpaka kachitundako katatha. Potulukira napo pali msampha, chifukwa mafunde anayi a 5 volt akakumana pamwamba nthawi imodzi amafuna 20 volt, pamene bokosi lili ndi 12 volt yokha, ndiye nsonga zake zimadulidwa ndipo mawu amakhakhala. Mutsitse musanalowe mu filter. Ndipo module imeneyi izikhala pakati pa oscillator ndi filter, osati pambuyo pa filter, chifukwa imafuna dzino lakuthwa kuti igwire ntchito yake.

Ndisasokoneze owerenga, palinso ma module ena amene anthu amawatchula ndi mawu omwewa a kukhuthalitsa koma ntchito yawo ndi ina. Wavefolder, imene inatchuka ndi zipangizo za Buchla ndi za Serge Tcherepnin, imatenga funde losalala n'kulipinda nsonga zake mobwerezabwereza, ndipo imabala ma harmonic atsopano olira ngati chitsulo. Imeneyo imakometsa funde la sine kapena la makona atatu, koma pa mano a sowo imangowonjezera phokoso pa chinthu chodzaza kale. Chorus nayo imabwera kumapeto kwa mzere, mawu atadutsa kale mu filter, ndipo imachedwetsa chithunzi cha mawuwo ndi tizigawo tochepa ta sekondi. Ndaonapo mnyamata atalumikiza zitatu zonsezi pamodzi, n'kumadabwa kuti nyimbo yake ikumveka ngati phala la madzi ambiri. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Chimene chimandiwawa pang'ono m'nkhani yanu ija, a Mkonzi, ndi maganizo akuti nzeru zimenezi ndi za azungu ndipo ife tikungotengera. Makutu athu anaidziwa kale nkhani imeneyi tisanaone waya. Anzathu a Chishona kuno amakhomera zitsekerero za mabotolo kapena tizigoba pa mbira ndi pa deze, chikho chachikulu chija chimene amaikamo mbirayo, kuti liwu lililonse lizituluka ndi kunjenjemera kwake. Kumunsi kwa Shire oimba valimba amaboola zikho za pansi pa mitengo yake n'kumatapo kachikopa kopyapyala kochokera kwa kangaude, kuti liwu lisamveke louma. Malemu bambo anga ankamata phula pakati pa ng'oma ndi kuiwamba pamoto mpaka itafika pamene iwo akufuna, ndipo ankadziwa kuti phula likachuluka ng'oma imafa mawu. Sindikunena kuti zipangizo zimenezi zimagwira ntchito mofanana ndi comparator, chifukwa sizitero, koma cholinga chake ndi chimodzi, ndipo muyezo wake ndi umodzi: tsinde la liwu limveke bwino, kunjenjemera kukhale pamwamba pake, ndipo kusapitirire. Woimba mbira amene zitsekerero zake zaphimba nyimbo amachotsako zina, sawonjezera mphamvu ya zala.

Pali zina za kuno kwathu zimene mabuku a ku Ulaya satchula. Oscillator ya analog, imene siili ya digital, imasintha liwu ndi kutentha, ndipo m'mawa wa mwezi wa June kuno ku Harare, pamene manja amachita kuuma ndi chisanu, ndimayatsa bokosi n'kulisiya kwa mphindi 15 kapena 20 ndisanachune kalikonse. Kukula kwa funde nako kumatha kusuntha pang'ono likamatenthedwa, choncho kachitunda kaja muzikachotsa bokosi litafunda. Magetsi akazima, monga amachitira kawirikawiri, ambiri timathawira ku inverter, chipangizo chosandutsa magetsi a batire kukhala a m'nyumba, ndipo zija zotchipa sizitulutsa funde losalala la 50 Hz koma lamasitepe, limene limalowetsa kulira kwake m'mawaya a mawu. Module yokhuthalitsa imaligwira msanga phokosoli, chifukwa comparator imadumpha ndi kanthu kakang'ono kalikonse kamene kagwedeza mulingo wake, ndiye dzino limanjenjemera pamene simunalitume. Ndikafuna kujambula ndimadikira magetsi enieni, ngakhale abwere pakati pa usiku.

Mnyamata wa m'nkhani yanu mwina alibe bokosi la modular, ndipo sindikumuuza kuti akagulitse njinga kuti aligule. Zonse ndanenazi angaziyese pa kompyuta yake, ngakhale ndi pulogalamu yaulere ya VCV Rack imene imatsanzira Eurorack pa sikirini. Atenge mafunde awiri okha a mano a sowo, awasiyanitse ndi ma cent asanu kapena asanu ndi awiri, lachiwiri alitsitse mphamvu pang'ono, ndipo pansi pawo aike sine imodzi yosagwedezeka. Akatero aphatikize mbali ziwiri zija, ya kumanzere ndi ya kumanja, kuti zonse zitulukire pa sipika imodzi, atsitse voliyumu mpaka pamene angamve munthu akulankhula m'chipindamo, ndipo agwire liwu limodzi kwa masekondi khumi akumvetsera. Ngati tsinde likuzimiririka, achepetse funde lachiwiri. Ngati mawu akumveka osachunidwa, achepetse ma cent. Funde lachitatu aliwonjezere pokhapokha awiriwo atakhala bwino, ndipo ndikupempha kuti mumufikitsire kalatayi kudzera kwa mtolankhani wanu, chifukwa ndikufuna kumva kuti zamuyendera bwanji.

Ine wanu wowerenga,
Mmisiri wa mawailesi,
Mufakose, Harare